Mafotoni olukana ndi malire a zimene maikulosikopu ingaone

Usiku, galimoto ikakhala ikubwera chapatali kwambiri pa msewu woongoka, nyali zake ziwiri zimaoneka ngati nyali imodzi, moti munthu akhoza kuganiza kuti kukubwera njinga yamoto, ndipo kuwalako kumagawikana pawiri galimotoyo ikayandikira. Zoterezi sizichitikira diso lokha ayi. Kamera, telesikopu ndi maikulosikopu zonse zili ndi malire amene zinthu ziwiri zoyandikana zimasiya kuoneka ngati ziwiri, ndipo malirewa sachokera ku ulesi wa amisiri opanga magalasi koma ku chikhalidwe cha kuwala kwenikweniko. Funso n'lakuti kaya mafotoni olukana, timagawo ta kuwala togwirizana mwapadera, angathandize maikulosikopu kupyola malirewa.

Amene anafotokoza bwino za malirewa ndi Ernst Abbe, yemwe ankagwira ntchito ndi Carl Zeiss mumzinda wa Jena ku Germany, m'chaka cha 1873. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo funde likamadutsa pa malo opanikiza, kaya ndi kabowo kaya ndi lenzi yomwe ili ndi m'mphepete, silipitirira molunjika koma limamwazikira m'mbali. N'chifukwa chake kadontho kakang'ono kowala sikajambulika ngati kadontho, koma ngati kabwalo kofalikira kopanda m'mphepete mooneka bwino, ndipo timadontho tiwiri tikayandikana kwambiri timabwalo tathu tija timalowerana n'kukhala chinthu chimodzi. Abbe anapeza kuti mpata wochepetsetsa umene maikulosikopu yabwino ingasiyanitse ndi pafupifupi theka la utali wa funde la kuwala komwe ikugwiritsa ntchito, ndipo mu 1879 Lord Rayleigh ku England anaikapo muyeso wake wofananako umene umatchulidwa mpaka lero. Kuwala kooneka ndi maso kuli ndi mafunde otalika pakati pa mananomita 400 ndi 700, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Choncho malire ali pa mananomita pafupifupi 200. Bakiteriya amaoneka, koma kachilombo koyambitsa chimfine, komwe kukula kwake ndi mananomita pafupifupi 100, sikangaoneke mmene kalili.

Munthu angafunse kuti bwanji osangotenga mafunde afupiafupi. Zimatheka ndithu, ndipo n'zimene maikulosikopu a ma elekitironi amachita, koma pali mtengo wake. Kuwala kumafika m'timagawo tosagawika totchedwa mafotoni, ndipo funde likafupika, mphamvu ya fotoni iliyonse imakula. Kuwala kwa ultraviolet, kwa funde lalifupi kuposa kooneka ndi maso, kumathyola mamolekyu a m'maselo ndi kuononga DNA, pamene maikulosikopu ya ma elekitironi imafuna kuti chinthucho chiikidwe m'chipinda chopanda mpweya, chitaumitsidwa kapena chitazizidwa mpaka kuuma gwa. Wofufuza amene akufuna kuonerera selo lamoyo likugwira ntchito yake amakhala pa mphanda: akafuna kuona bwino apha chimene akuchionacho, akafuna kuchisunga chamoyo aona zosamveka.

Palinso malire achiwiri, amene nkhani zambiri zimawasokoneza ndi oyamba aja, chikhalirecho ndi osiyana. Mafotoni a nyali wamba, ngakhalenso a leza, safika mwa dongosolo ngati asilikali oguba, koma mwa apo ndi apo ngati madontho a mvula ikamayamba kugwa pa denga. Ngati pa kagawo kena ka kamera pakuyenera kugwa mafotoni 100, nthawi ina pagwa 91, nthawi ina 108, ndipo kusinthasinthaku kumakhala pafupifupi 10, kutanthauza magawo 10 pa 100 alionse. Kuti cholakwikacho chitsike kufika pa gawo limodzi pa 100 pamafunika mafotoni 10,000. Apa n'zoonekeratu kuti phindu limachedwa kubwera: kuti muyeso ukhale wolondola kakhumi, kuwala kuyenera kuchuluka ka 100. Asayansi amakutcha kusinthasinthaku phokoso, ngakhale kuti sikumveka m'khutu, ndipo n'kumene kumachititsa chithunzi chojambulidwa mumdima kuoneka ngati chathiridwa mchenga. Malire oyamba amanena za kuchepa kwa chinthu chimene chingasiyanitsidwe ndi chinzake, pamene achiwiri amanena za kufooka kwa chizindikiro chimene chingaoneke pakati pa mchengawo. Mafotoni olukana amakhudza malire onse awiri, koma mwa njira zosiyana.

Kulukana ndi nkhani imene inavutitsa Albert Einstein. Mu 1935 iye pamodzi ndi Boris Podolsky ndi Nathan Rosen anasonyeza kuti malamulo a kwantamu, fizikisi ya tinthu tochepetsetsa monga maatomu ndi mafotoni, amalola tinthu tiwiri kukhala m'mkhalidwe umodzi wogawana, moti palibe kamodzi mwa ito kamene kali ndi mbiri yakeyake, koma kakapimidwa kamodzi zotsatira za kanzake zimadziwikiratu ngakhale kali kutali. M'chaka chomwecho Erwin Schrödinger anaupatsa mkhalidwewu dzina limene tingalimasulire kuti kulukana. N'kosavuta kuganiza kuti zili ngati nsapato ziwiri zoikidwa m'mabokosi awiri, pamene munthu akatsegula bokosi limodzi n'kupeza yakumanzere amadziwa kuti inayo ndi yakumanja. Koma mu 1964 John Bell anasonyeza ndi masamu kuti fanizo lotere lili ndi malire a mgwirizano umene lingathe kubala, ndiponso kuti kwantamu imalosera mgwirizano woposa malirewo. John Clauser mu 1972, Alain Aspect mu 1982, ndipo kenako Anton Zeilinger ndi anzake anayesa zimenezi ndi mafotoni n'kupeza kuti kwantamu ndiyo ikunena zoona, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2022.

Masiku ano kupanga mafotoni olukana si chinthu chachilendo m'malabotale. Pa tebulo lolemera lachitsulo, loikidwa mwakuti lisanjenjemere, pamakhala leza ya mtundu wa pepo yotulutsa kuwala kwa mananomita 405, ndipo kuwalako kumaombedwa pa kakiristalo kochepa ngati chikhadabo, kawirikawiri ka mtundu wotchedwa BBO. Pafupifupi kuwala konse kumangodutsa osasintha, koma fotoni imodzi mwa mamiliyoni ambirimbiri imasweka n'kubala mafotoni awiri, iliyonse ndi theka la mphamvu ndiponso funde lotalika kawiri, la mananomita 810. Awiriwa amabadwa nthawi imodzi ndi malo amodzi, ndipo njira imene wina walowera imagwirizana ndi ya mnzake. Kuwala kwawo n'kofooka kwambiri kotero kuti wofufuza amazimitsa magetsi, n'kuphimba zipangizo ndi nsalu zakuda, ndipo chimene amayang'ana si kuwala ayi, koma nambala pa kompyuta imene imakwera nthawi iliyonse zipangizo ziwiri zozindikira mafotoni zikalira pa kamphindi kamodzi.

Funso lenileni n'lakuti mafotoni awiri otere angathandize bwanji kuona tinthu tating'ono, ndipo yankho lake lili pa kayendedwe ka funde. Funde likayenda mtunda wofanana ndi utali wake limakhala lakwera, latsika, n'kubwerera pomwe linayambira, monga muvi wa wotchi umene wazungulira kamodzi. Mafunde awiri akakumana mivi yawo italoza kumodzi amaonjezerana ndipo pamawala, akakumana italoza mosiyana amafafanizana ndipo pamada, ndipo chithunzi chilichonse chimene lenzi imapanga chimamangidwa ndi mizeremizere yowala ndi yakuda yobadwa mwa njira imeneyi. Kuthithikana kwa mizereyo ndiko kumalamula kuchepa kwa zimene zingaoneke. Tsono mafotoni awiri olukana akamawerengedwa pamodzi ngati chinthu chimodzi, muvi umene uli ndi ntchito si wa aliyense payekha koma wa onse awiri, ndipo kuzungulira kwawo kumaphatikizana. Pa mtunda umene muvi wa fotoni imodzi uzungulira kamodzi, wa awiriwo uzungulira kawiri, choncho mizere imathithikana kawiri, ngati kuti kuwalako kuli ndi theka la utali wa funde. Akakhala atatu imathithikana katatu, ndipo zimapitirira choncho.

Pali mfundo ina imene ofalitsa nkhanizi amakonda kuidumpha. Mafotoni awiri a mananomita 810 akamachita ngati kuwala kwa mananomita 405, ndiye kuti angobwerera pa utali wa leza yomwe inawabala, ndipo munthu wokayikira sangalakwe kufunsa chifukwa chimene sitikungogwiritsa ntchito lezayo. Yankho lomveka n'limodzi lokha, ndipo ndi la selo lamoyo lija: chinthu chopimidwa chimagundidwa ndi mafotoni ofatsa a funde lalitali, pamene chithunzi chimatuluka ndi kuthwa kwa funde lalifupi. Phindu lagona pamenepo, osati pa kuona zimene kuwala kwina kulikonse sikungaone.

Ganizoli linatchuka mu 2000, pamene Agedi Boto, Jonathan Dowling ndi anzawo anapereka lingaliro logwiritsa ntchito mafotoni olukana polemba timizere ta tchipisi ta makompyuta. Mkhalidwe womwe ankafuna umatchedwa NOON, dzina lochokera pa kalembedwe kake m'masamu: mafotoni onse N adutsa njira yoyamba ndipo yachiwiri ili ndi 0, kapena onse adutsa yachiwiri ndipo yoyamba ili ndi 0, popanda chosonyeza kuti chachitika ndi chiti. Mu 2001 gulu la Yanhua Shih ku Baltimore linaonetsa kuthithikana kwa mizere ndi mafotoni awiri, mu 2004 gulu la ku Toronto linafika pa atatu ndipo la ku Vienna pa anayi, ndipo mu 2010 gulu la Yaron Silberberg ku Weizmann Institute ku Israel linafika pa asanu. Zaka khumi za khama zinakweza chiwerengero kuchoka pa 2 kufika pa 5 basi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mu mkhalidwe wa NOON, fotoni imodzi yokha ikasochera, kaya yamezedwa ndi galasi kaya chipangizo chalephera kuizindikira, imaulula njira imene onse anadutsa ndipo mizere yonse imafafanizika. Ngati fotoni iliyonse ili ndi mwayi wa 90 pa 100 wofika, mwayi woti khumi onse afike ndi pafupifupi 35 pa 100, ndipo ngati mwayiwo uli theka, gulu limodzi lokha mwa magulu opitirira 1,000 ndilo limapulumuka. Opanga tchipisi sanadikire zimenezi. Anatenga njira yakale yofupikitsa funde, ndipo lero makina a kampani ya ASML ya ku Netherlands amalemba ndi kuwala kwa mananomita 13.5, poti silikoni sakufa ngati selo.

Ku mbali ya maikulosikopu zinthu zayendako, ngakhale mwapang'onopang'ono. Mu 2013 Takafumi Ono, Ryo Okamoto ndi Shigeki Takeuchi ku Hokkaido University ku Japan anajambula chilembo Q chotumphuka pa galasi ndi mananomita 17 okha, ndipo ndi chiwerengero chofanana cha mafotoni, chithunzi cha olukana chinamveka bwino ka 1.35 poyerekeza ndi cha kuwala wamba. Uku kunali kugonjetsa malire achiwiri, a phokoso. Malire oyamba anakhudzidwa mu 2023 ku Caltech, m'labotale ya Lihong Wang, kumene fotoni imodzi ya awiri aliwonse inkadutsa mu chinthu chopimidwa pamene inzake inkayenda njira ina yotalika mofanana ndendende, kenako onse ankagwa pa kamera imodzi, ndipo kompyuta inkasanthula zithunzi zochuluka kuti ipeze amene anafika limodzi. Anajambula maselo a khansa, kuthwa kwa chithunzi kunawirikiza kawiri monga masamu analosera, ndipo njirayo inapirira kuwala kosochera koposa kuwala kofunikako mpaka ka 155, popeza mafotoni osochera alibe anzawo ofika nawo limodzi ndipo kompyuta imawataya. Komabe mpata wochepetsetsa umene chipangizocho chinasiyanitsa unali mananomita pafupifupi 1,400. Chinaposa kawiri chipangizo chomwecho chitagwiritsa ntchito kuwala wamba, koma chinali kutali ndi mananomita 200 amene maikulosikopu yabwino ya masiku onse imafika. Mawu akuti kupyola malire ayenera kumvedwa motero: malire a lenzi yomweyo ndi utali wa funde womwewo.

Mbiri ya phunziroli ili ndi chenjezo lina lofunika kulikumbukira. Mu 1995 Todd Pittman ndi Shih anachita chinthu chimene chinadabwitsa ambiri. Fotoni imodzi inkadutsa pa kachinthu kobooledwa zilembo UMBC, dzina la yunivesite yawo, n'kukagwera pa chipangizo chimene chinkangonena kuti yafika osanena pamene yadutsira, pamene inzake, yomwe sinayandikire n'komwe zilembozo, inkagwera pa chipangizo chodziwa malo. Palibe chipangizo chimene chinaona chithunzi pachokha, koma ataphatikiza zowerengera za zonse ziwiri zilembo zinatulukira. Njirayi inatchedwa ghost imaging ndipo inkaoneka ngati umboni wa mphamvu ya kulukana, mpaka mu 2002 pamene Ryan Bennink, Sean Bentley ndi Robert Boyd ku Rochester anapanga chithunzi chofanana pogwiritsa ntchito kuwala wamba kogawidwa pawiri. Kuyambira pamenepo aliyense wonena kuti kwantamu yapambana amafunsidwa ngati wayerekeza ndi njira wamba yabwino koposa, osati ndi njira wamba yofooka imene waisankha yekha.

Kwa ine, ntchito yokopa kwambiri m'gululi siikhudza kuthwa kwa chithunzi n'komwe. Mu 2014 Gabriela Barreto Lemos ndi anzake m'gulu la Zeilinger ku Vienna anaomba leza yobiriwira pa makiristalo awiri, aliyense wotha kubala fotoni ya mananomita 810 ndi inzake ya mananomita 1,550. Ya 1,550 yochokera mu kiristalo woyamba inkadutsa pa kachithunzi kodulidwa ngati mphaka, kenako n'kulowetsedwa mu kiristalo wachiwiri molunjika kwambiri moti sikunali kotheka kudziwa kumene fotoni yotere yabadwira, ndipo pamapeto pake inkangotayidwa osapimidwa. Kamera inkaona mafotoni a 810 okha, ochokera mu makiristalo onse awiri ataphatikizidwa, amene sanakhudze mphakayo, koma mphakayo anaoneka. Pamene kachithunzi kanatchinga njira, chilengedwe chinali ndi umboni wa kiristalo amene wabala ndipo mafunde a 810 sankafafanizana kapena kuonjezerana, pamene panali potseguka umboniwo panalibe ndipo ankatero. Maziko a njirayi anayalidwa ndi Leonard Mandel ndi anzake ku Rochester mu 1991. Ubwino wake ndi wakuti chinthu chikhoza kuunikidwa ndi mtundu wina wa kuwala n'kujambulidwa ndi mtundu wina. Mamolekyu ambiri amadziwika bwino ndi mmene amamezera kuwala kwa infrared ya pakati, komwe funde lake n'lalitali kuposa la kuwala kooneka ndi maso, koma makamera a kuwala kumeneko ndi odula ndiponso aphokoso, pamene makamera a silikoni ndi otsika mtengo ndi abwino. Mu 2020 gulu la Sven Ramelow ku Humboldt University ku Berlin linajambula kanyama kodulidwa ku mtima wa mbewa mwa njirayi. Kuthwa kwa chithunzi kumatsatirabe funde lalitali limene lakhudza chinthucho, choncho malire a Abbe sanasunthe apa, koma khomo lina latseguka.

Pa malire a phokoso, chimene chabala zipatso zogwirika ndi mbale wake wa kulukana, kuwala kofinyidwa, komwe mafotoni ake amagwirizana mwakuti kusinthasintha kwa mbali imodzi ya funde kumachepa pamene kwa mbali ina, imene siikupimidwa, kumakula. Carlton Caves analosera mu 1981 kuti kuwala kotere kungathandize zipangizo zosaka mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku zinthu zakuthambo, ndipo kuyambira 2019 zipangizo za LIGO ku United States zimakugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mu 2021 gulu la Warwick Bowen ku University of Queensland ku Australia linakuika mu maikulosikopu yowala kwambiri, yomwe inali itafika kale pa mlingo umene kuonjezera kuwala kukanaononga maselo a yisiti omwe ankapimidwa, ndipo chithunzi chinamveka bwino ndi magawo 35 pa 100. Chiwerengerochi chingaoneke chochepa, koma chinapezeka pa malo amene njira yakale yongokweza mphamvu ya leza inali itatsekeka.

Tisaiwale kuti malire a Abbe anazembedwa kale popanda kulukana. Stefan Hell, Eric Betzig ndi William Moerner analandira mphoto ya Nobel ya kemisitire mu 2014 chifukwa cha njira zoyatsa ndi kuzimitsa mamolekyu owala kuti oyandikana asawale nthawi imodzi, ndipo njirazi zimafika pa mananomita makumi ochepa, kuposa kutali zimene mafotoni olukana achita mpaka pano. Vuto lake n'lakuti zimafuna kupaka selo utoto wowala, ndipo zina zimafuna kuwala kwamphamvu. Mu 2016 Mankei Tsang ndi anzake ku National University of Singapore anasonyezanso kuti mpata wa pakati pa timadontho tiwiri towala ungapimidwe bwino ngakhale uli pansi pa muyeso wa Rayleigh, ngati kuwala kwasankhulidwa molingana ndi maonekedwe a funde kusanagwere pa kamera. Anagwiritsa ntchito masamu a kwantamu kuti apeze njirayo, koma kuwala kwake n'kwa wamba.

Zikaikidwa pa sikelo imodzi zonsezi, malo a mafotoni olukana amaoneka kuti ndi pamene fotoni iliyonse ili ya mtengo wapatali: maselo ndi mazira osapirira kuwala, mamolekyu amene amasintha akaunikidwa, diso lenileni limene silingapimidwe ndi kuwala kochuluka popanda kulisokoneza, ndiponso mitundu ya kuwala imene ilibe makamera abwino. Chimene chikuchedwetsa ntchito si masamu koma zipangizo. Makamera a mtundu wa EMCCD amafuna zithunzi zofika mamiliyoni kuti atulutse chithunzi chimodzi cha mafotoni ofika awiriawiri, ndipo selo lamoyo silikhala phee nthawi yonseyo. Makamera atsopano otchedwa SPAD, amene kagawo kalikonse kamalemba nthawi yeniyeni imene fotoni yafika, akufupikitsa kudikiraku, koma amaphonya mafotoni ambiri. Zipangizo zimene zimazindikira mafotoni oposa 90 pa 100 zimafuna kuziziritsidwa kufika pafupi ndi madigiri 270 pansi pa ziro. Panatenga mpaka 2017 kuti gulu la Geoff Pryde ku Griffith University ku Australia, pogwiritsa ntchito zipangizo zozizira zoterezi ndi gwero la mafotoni losataya ambiri, lipyole malire a phokoso ndi mkhalidwe wa NOON likuwerengera fotoni iliyonse imene inagwiritsidwa ntchito, kuphatikizapo zosochera, m'malo mongosunga maulendo okhawo amene zinthu zinayenda bwino. Anachita zimenezi ndi mafotoni awiri.